Chotupa cha m'bere sichidikira kukolola

 Yakwananso nthawi ya zaumoyo. Lero tikamba za matenda amene ambiri amangowanong'ona, khansa ya m'mawere. Abambo, musachoke pa wailesi poganiza kuti iyi ndi nkhani ya amayi okhaokha ya kudambo kotunga madzi. Theka la zimene ndinene lero ndi zanu.

Ndiyambe ndi dzina lake, chifukwa mapepala a kuchipatala amalembedwa m'Chipwitikizi. Mukaona mawu akuti cancro da mama, ndiye khansa ya m'mawere imeneyo. Mawu akuti mama pamenepo sakutanthauza mayi wobereka ayi, akutanthauza bere.

Khansa ndi chiyani? Thupi lathu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Timabadwa, timagwira ntchito, timafa, tina timalowa m'malo. Nthawi zina tina mwa ito timasokonekera, n'kumangochulukana osaleka, mpaka kupanga chotupa. Chotupacho chikasiyidwa, maselo ake amayenda kupita m'khwapa, kenako ku mafupa, ku mapapo, kuchiwindi. Chikadali m'bere mokha chimachizika nthawi zambiri. Chikamwazikana, ntchito imakula kwambiri.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la OMS linawerengera kuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa imeneyi, ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Muno m'Mozambique, mwa khansa zimene zimagwira amayi, yoyamba ndi ya khomo la chiberekero, yachiwiri ndi iyi. Si matenda a azungu kapena a anthu olemera a m'tauni, monga ena amanenera. Ndipo pafupifupi theka la amayi amene amaidwala alibe chifukwa china chilichonse chodziwika kupatula kuti ndi akazi ndipo zaka zikupita. Ngati mayi anu, mchemwali wanu kapena mwana wanu anadwalapo, muyenera kukhala tcheru koposa ndipo muwauze anamwino. Mowa umawonjezera chiopsezo, kuyamwitsa kumachepetsako pang'ono. Koma kusunga ndalama kapena foni pachifuwa sikuyambitsa khansa, ndipo khansa sipatsirana. Mutha kudya mbale imodzi ndi wodwala, kugona naye mphasa imodzi, kumusambitsa, osatenga kanthu.

Tsono amayi, mawere anu muwadziwe. Kamodzi pamwezi, masiku ochepa mutatsiriza kusamba kwa kumwezi, mukakhala kubafa, kwezani mkono umodzi, dzanja linalo mufufuze bere lonse ndi zala zitatu zapakati, mozungulira, mpaka m'khwapa. Amene munasiya kusamba, sankhani tsiku limodzi pamwezi losaiwalika. Mukufuna kuona ngati muli chotupa cholimba, ngati muli mwanabere m'khwapa amene sakuphwa, ngati nsonga ya bere yalowa mkati pamene kale inali kunja, ngati ikutulutsa magazi kapena madzi inu musakuyamwitsa, ngati khungu lachita timaenje ngati khoko la lalanje, ngati bere limodzi lasintha kukula kapena maonekedwe, kapena pali chilonda chosapola. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, izi zikulimbitseni mtima. Koma chala chanu sichingasiyanitse, ngakhale cha agogo odziwa zambiri sichingathe. Amasiyanitsa ndi a chipatala.

Apa ndi pamene pali msampha woyamba, ndipo ndikhalitsapo. Chotupa cha khansa chikamayamba, nthawi zambiri sichipweteka. Ife tinazolowera kuti matenda ndi ululu. Malungo amakugwetsa, dzino limakusowetsa tulo, ndiye umathamanga. Koma kanthu kolimba ngati njere ya nyemba, kosawawa, mayi amakakhudza n'kunena kuti ndiona mwezi wamawa. Mwezi wamawa ndi wopalira. Winawo ndi wothira feteleza. Kenako fodya ali m'chigafa, mbatata ya kachewere ikufuna kukumba, chimanga chikufuna kukolola, ndipo ndalama ya ulendo ibwera tikagulitsa. Pofika nthawi yogulitsa, kanjere kaja kafika ngati dzira, khwapa latupa. Ndi chifukwa chake amayi ambiri amafika kuchipatala matenda atapita patali, ndipo akamwalira anthu amati, mwaona, khansa sichizika. Chimene chawapha kwambiri ndi miyezi imene inadutsa ija.

Amayi oyamwitsa, inunso mvetserani. Bere likatupa, kutentha ndi kuwawa pamene mukuyamwitsa, kawirikawiri ndi mkaka woundana kapena chithupsa, ndipo mankhwala a kuchipatala amathandiza. Koma mukamaliza mankhwalawo chotupa chikadalipo, bwererani. Musamve zoti mwana anageyera bere ndiye chidzatha chokha. Khansa imathanso kugwira mayi woyembekezera kapena woyamwitsa.

Msampha wachiwiri ndi wa kufunafuna amene watilodza. Chotupa chosadziwika chiyambi chake chimabweretsa mafunso m'banja: ndani wachita izi, kodi ndi mkazi mnzake, kodi ndi nkhani ya munda ija? Banja limagulitsa mbuzi, limayenda kwa asing'anga atatu, bere limatemedwa mphini, limapakidwa zitsamba zowotcha khungu. Ine sindinabwere kudzanyoza asing'anga. Ambiri mwa iwo, makamaka a m'bungwe la AMETRAMO, amagwira ntchito limodzi ndi chipatala ndipo amatumiza odwala kumeneko. Pempho langa kwa inu akuluakulu ndi ili: mayi akabwera ndi chotupa cha m'bere, musateme, musawotche, mutumizeni tsiku lomwelo. Mphini pa chotupa chotere zimatsegula chilonda chimene sichipola. Chimodzimodzi inu atsogoleri a mipingo. Mupemphereni, inde, koma pomaliza pemphero mufunseni kuti kuchipatala apita liti, ndipo ndani amuperekeza.

Msampha wachitatu ndi mantha a mpeni. Mawu akuti akakudula bere umafa ndawamva kambirimbiri. Taganizani bwino kumene anachokera. Amayi amene anthu anawaona akumwalira pambuyo pa opaleshoni ndi aja anafika mochedwa, matenda atafalikira kale mkati. Amene anachitidwa opaleshoni msanga n'kuchira simuwadziwa, chifukwa amavala bulauzi ndi chitenje monga wina aliyense, akulima, akugulitsa tomato pamsika, ndipo sauza anthu. Bere ndi chiwalo chofunika, n'zoona, ndipo kulitaya kumawawa mumtima. Koma munthu amakhala ndi moyo zaka zambiri ali ndi bere limodzi.

Tsopano tiyeni tiyende njira yake, kuti mukaiyamba isakudzidzimutseni. Poyambira ndi pachipatala chaching'ono cha kwanu. Kuyambira 2009, unduna wa zaumoyo unaika ntchito yoyeza khomo la chiberekero ndi mawere m'chipinda cha zakulera, chija cholembedwa kuti planeamento familiar. Simukuyenera kukhala wolera kuti mulowemo. Mukafika nenani mosazungulira kuti ndapeza chotupa m'bere, ndikupempha mundiyeze. Musanene kuti m'thupi simukundikomera, chifukwa mudzabwerako ndi mankhwala a malungo kapena a mutu. Ngati kuvula pamaso pa mwamuna kukukuvutani, pemphani namwino wamkazi kapena lowani ndi mnzanu. Ngati Chipwitikizi chikukuvutani, pemphani womasulira, kapena tengani wachibale amene amachimva. APE wa m'mudzi mwanu angakuthandizeni kuyamba ulendowu.

Anamwino akaona kuti chotupacho n'chokayikitsa, adzakulemberani kalata yotumizira, guia de transferência, yopita kuchipatala chachikulu cha boma lanu, ndipo kuchoka apo ku chipatala cha chigawo mumzinda wa Tete. Kumeneko angaunike bere ndi makina, ndipo angatenge kachidutswa ka chotupacho ndi singano kapena ndi kampeni kuti kakayezedwe. Kuyeza kumeneku ndiko kokha kumatsimikiza ngati ili khansa. Sikufalitsa matenda. Zotsatira zimatenga nthawi, chifukwa akatswiri oyeza tizidutswa timeneti ndi ochepa ndipo ambiri ali m'zipatala zazikulu za Maputo, Beira ndi Nampula. Ndinene mosabisa kuti apa ndi pamene amayi ambiri amatayikira. Auzidwa kuti bwerani mwezi wamawa, abwera, zotsatira kulibe, ndalama ya chapa yatha, ndiye amakhala pakhomo. A OMS amalangiza kuti kuchokera tsiku limene mayi wafika koyamba kuchipatala ndi chotupa, pasadutse masiku 60 asanadziwe chimene chili. Nambala imeneyi muisunge. Musanachoke, funsani tsiku lobwerera, siyani nambala ya foni imene imayankhidwa, funsaninso ngati mungaimbe kaye musanakwere galimoto. Miyezi iwiri ikadutsa muli chete, pitani mukafunse, ndipo ngati simukuthandizidwa kapena wina akukupemphani ndalama ya pambali, kuli ofesi yolandira madandaulo a odwala, Gabinete do Utente. Kufunsa zotsatira zanu si mwano.

Zikatsimikizika kuti ndi khansa, chithandizo chake chimakhala cha mitundu ingapo, ndipo madokotala amasankha malinga ndi msinkhu wa matendawo. Pali opaleshoni yochotsa chotupa kapena bere lonse, pamodzi ndi anabere a m'khwapa. Pali mankhwala amphamvu olowa m'mitsempha kudzera m'diripi, quimioterapia, amene kawirikawiri amaperekedwa masabata atatu aliwonse kwa miyezi ingapo. Pali mapiritsi monga tamoxifeno, amene amayi ena amamwa tsiku lililonse kwa zaka zisanu kapena kuposerapo. Palinso makina owotcha maselo a khansa ndi kuwala kwamphamvu, radioterapia, amene anayamba kugwira ntchito pa chipatala chachikulu cha Maputo mu 2019. Zina mwa izi zingafune kuti mupite ku Beira, mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Tete, kapena ku Maputo, makilomita opitirira 1,500. Kwa munthu wa ku Ulónguè, ngakhale kufika ku Tete komweko ndi makilomita opitirira 200. Sindikunamizani kuti ndi pafupi.

Ndiye abambo, nayi mbali yanu. M'makomo ambiri kuno, mayi sangakwere chapa popanda mawu a mwamuna wake, ndipo ndalama ya fodya kapena ya soya ili m'thumba mwanu. Mkazi wanu akakuuzani kuti wapeza chotupa, yankho lakuti tiona tikagulitsa lingathe kumulanda moyo. Mbuzi imene mukuikakamira lero mudzaiphabe pamaliro. Mawuwa ndi olimba, ndikudziwa, koma ndawanena dala. Ndipo inu amalume, eni mbumba, mlongo wanu kapena mdzukulu wanu akadwala, musayembekeze kuti mkamwini asenze yekha. Itanani banja, khalani pansi, muwerengere: maulendo angati, ndani aperekeze, ana atsala ndi yani, munda alima ndani. Ulendo wa khansa si umodzi. Banja limene lasonkha ndalama ya ulendo woyamba wokha limadzaima pakati, ndipo mankhwala a m'diripi akadukizidwa mphamvu yake imachepa. Achibale amene ali ku Tete, ku Beira kapena ku Joni angatumize thandizo pa M-Pesa kapena e-Mola, koma auzeni zoona zake kuti ndi nkhani ya miyezi. Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, thumba lanu la ngozi lija lisamangodikira maliro. Ndipo mukafika kuchipatala chachikulu funsani ofesi ya Acção Social, mufotokoze za kuvutika kwanu, mumve chimene angathe kukuthandizani.

Ife a m'malire tili ndi nkhani inanso. Ambiri chipatala cha ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza chili pafupi kuposa cha ku Tete, chinenero n'chimodzi, ndipo achibale ali komweko. Anthu amawoloka, palibe amene sadziwa. Chimene ndikuchenjezeni n'chakuti musamadumphedumphe. Kuyezetsa kuno, opaleshoni kutsidya, mankhwala kunonso, popanda mapepala, kumachititsa kuti dokotala aliyense ayambirenso pachiyambi, ndipo miyezi imapita. Mapepala a kuno ndi a Chipwitikizi, a kutsidya ndi a Chingerezi. Asungeni onse m'pepala lapulasitiki limodzi, kuti mvula kapena chiswe zisawononge: kalata yotumizira, zotsatira za kachidutswa kaja, mayina a mankhwala ndi masiku amene munalandira. Kumene mwayamba chithandizo yesetsani kumalizira komweko, ndipo ngati mukusintha, auzeni madokotala a mbali zonse ziwiri.

Nanga mayi ali pa chithandizo amafuna chiyani pakhomo? Mankhwala a m'diripi amafooketsa. Amachititsa nseru, zilonda m'kamwa, ndipo tsitsi limathothoka. Tsitsi limameranso mankhwala akatha. Musamuseke, musalole ana a m'mudzi kumuimba nyimbo, ndipo musayambe manong'onong'o akuti ali ndi matenda ena amene akubisa. Mpatseni chakudya pang'onopang'ono koma kawirikawiri: phala lothira nsinjiro, nyemba, mazira, masamba, nthochi, madzi owiritsa ambiri. Chofunika kwambiri ndi ichi: masiku amenewa thupi lake silitha kulimbana ndi tizilombo monga kale. Akatentha thupi kapena kunjenjemera, musadikire kuche kawiri, musangogula mapiritsi pa kantini. Pitani naye kuchipatala msanga ndipo mukanene kuti ali pa quimioterapia. Agone m'neti usiku uliwonse. Ngati amamwa ma ARV, asasiye, koma madokotala a khansa adziwe. Pa nthawi ya mankhwalawa sayenera kuyamwitsa kapena kutenga pakati, choncho funsani njira yolera yoyenera, chifukwa mapiritsi ndi jakisoni wolera nthawi zambiri saloledwa kwa mayi wa khansa ya m'mawere.

Pambuyo pa opaleshoni, mkono wa mbali imeneyo umafuna chisamaliro. Anamwino adzamuonetsa momwe angaukwezere pang'onopang'ono kuti phewa lisaume. Masabata oyamba asanyamule ndowa ya madzi, asasinje, asagwire khasu. Apa ndi pamene apongozi, azilamu ndi ana aakulu amaonekera ngati alidi abale. Ngakhale atachira, mkonowo autchinjirize ku mabala ndi moto, ndipo ukayamba kutupa kapena kufiira abwerere kuchipatala. Amayi ena amasoka kathumba ka nsalu yofewa, n'kuikamo thonje, kuti chovala chikhale bwino pachifuwa. Telala wa pamsika angathe kusoka zimenezi, ndipo gulu la amayi a mpingo lingathe kuphunzira.

Pali bala lina limene anamwino sangamange. Mayi amene wachotsedwa bere amadzifunsa ngati mwamuna wake adzamuyang'ananso, ngati sadzamutengera mkazi wina, ngati anzake kuchitsime sadzamuthawa. Mantha amenewa ndi amene amachititsa ena kubisa chotupa chaka chathunthu, ngakhale kwa mwamuna amene amagona naye nyumba imodzi. Bambo, mkazi wanu akadali yemwe uja munakamufunsira kwa amalume ake. Kukhala naye malo amodzi sikungakupatseni matenda. Mwina simudziwa chonena, palibe kanthu. Khalani naye pakhonde, muperekezeni ulendo umodzi kapena iwiri, mumve nokha zimene adokotala akunena. Ana nawonso auzeni zoona molingana ndi msinkhu wawo, chifukwa akapanda kumva kwa inu adzamva kwa anzawo, zokometsera ndi zoopsa. Koma mwana wamkazi asasiyitsidwe sukulu kuti akhale wodwazika. Ntchitoyo igawidwe pakati pa akuluakulu.

Ndipo inu amayi amene munadutsamo kale m'njira imeneyi ndipo muli moyo, ndikupempheni chinthu chimodzi, ngati mtima wanu ukulola. Mayi amene wangouzidwa kumene amamva mawu anu kuposa anga, kuposanso a dokotala. Auzeni anamwino a kwanu kapena a komiti ya zaumoyo kuti muli okonzeka kucheza ndi wina amene akuopa. Sikofunika kuima pamsonkhano. Kucheza kwa anthu awiri kuseri kwa nyumba n'kokwanira.

Ndisaiwale abambo pa thupi lanu lomwe. Mwa anthu 100 odwala khansa ya m'mawere, pafupifupi mmodzi amakhala mwamuna. Chotupa cholimba kuseri kwa nsonga ya bere mwa bambo nachonso chikayezedwe.

Pali makomo ena amene akundimvera pamene matenda apita kale patali, bere lili ndi chilonda chotulutsa fungo, wodwala sagona ndi ululu. Mwina munauzidwa kuti opaleshoni sizithekanso, ndipo munamva ngati akuti palibenso chochita. Chochita chilipo. Ululu uli ndi mankhwala, kuyambira ofooka mpaka amphamvu monga morfina, ndipo kumwa morfina motsatira malangizo a dokotala sikufupikitsa moyo. Pitani mukapemphe, ndipo akakupatsani, wodwala amwe pa nthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe wakula. Chilonda chitsukeni tsiku lililonse ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, atazizira, ndipo muchiphimbe ndi nsalu yoyera yochapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa. Nsalu ikamatirira, inyowetseni kaye musanachotse kuti magazi asatuluke. Fungo nalo lili ndi mankhwala ake kuchipatala, funsani anamwino. Musamusamutsire wodwala m'kanyumba ka kuseri chifukwa cha fungolo. Tsegulani mawindo, mutembenuzeni pamphasa kawirikawiri kuti asachite zilonda za pamsana, ndipo anzake a kumpingo ndi a m'mudzi apitirize kubwera kudzacheza naye. Wodwazika nayenso amatopa, mulandizaneni kuti agoneko.

Mwezi wa Okutobala, umene a zaumoyo amautcha Outubro Rosa, mudzamva zambiri za matendawa pa wailesi ndi m'zipatala. Koma chipinda cha planeamento familiar chimatsegulidwa chaka chonse. Amene mwakhudza kanthu m'bere pamene ndimalankhula, uzani munthu mmodzi usiku uno, mwamuna wanu, mchemwali wanu kapena APE, ndipo mawa m'mawa mutenge khadi lanu la kuchipatala muyambepo. Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za khansa ya khomo la chiberekero ndi kayezedwe kake. Tsalani bwino.